Timabuku tinayi ta kuchipatala ndi chithunzi chimodzi



Lero ndilemba motalika, ndipo ndilemba za nkhani imene mkulu wa mpingo wamwamuna saitchula pa gome. Ena mukafika pakati mugwira pakamwa, mudzati akuluwa aiwala kuti bongololo sadzolera mafuta pagulu. Sindidaiwale ayi. Mwini nkhaniyi, mwana wanga wachisamba, ndiye wandituma. Adandiuza kuti, "Ababa, lembani zonse. Dzina langa lokha musalitchule. M'kwaya mwathu momwemo muli atsikana amene akuyenda njira imene ndidayenda ine." Mwamuna wake nayenso wavomera, ngakhale mbali ina ya nkhaniyi siimukomera, monganso siindikomera ine.

Musanapitirire, tsegulani Baibulo lanu muwerenge Marko 5:25-34. Mavesiwo sindiwalemba pano. Muwerenge nokha, mofatsa, kenaka mubwerere.

Pa tebulo pamene ndikulembera pali timabuku tinayi ta kuchipatala, tonse todzaza mpaka kuchikuto. Koyamba kadayamba kulembedwa mwanayu ali ndi zaka 14, chaka chimene adatha msinkhu. Mwezi uliwonse, masiku ake akafika, ankagona pa simenti atapinda mawondo kufika pachibwano, thukuta lili kamukamu, nthawi zina nkumasanza, ndipo kawiri konse adakomoka. Mayi ake ankamuikira botolo la madzi otentha pachinena ndi kumupatsa panado. Alangizi ndi azakhali ake adati ndi cham'mimba chabe, chimatha mkazi akabereka mwana woyamba. Ine sindinkalowerera, ndinkati ndi za amayi. Tsiku limodzi lokha ndidalankhulapo, ndipo ndi tsiku limene ndikadakonda litafufutika. Udali m'mawa wa mayeso a Fomu 4. Ndidamupeza ali chigonere, yunifolomu ili pa mpando, ndipo ndidamuuza kuti akazi onse pa dziko lapansi amasamba, nanga iye ndani kuti dzuwa liime chifukwa cha iye. Adadzuka, adavala, adapita. Pepala la tsikulo adalephera. Kwa zaka zambiri ndinkati adalephera chifukwa cha ulesi.

Adakwatiwa ali ndi zaka 23, ukwati woyera, wodalitsidwa m'tchalitchi. Tidayembekeza kuti mawu a azakhali aja apherezeka. M'malo mwake ululu udasiya kudikira mwezi. Udayamba kubwera masiku wamba, kufalikira kumsana ndi m'miyendo. Unkabwera pochita chimbudzi. Unkabweranso pa nthawi imene mwamuna ndi mkazi amakhala malo amodzi, ndipo za ichi sadauze munthu aliyense, ngakhale mayi ake. Mimba sidabwere.

Mukatsegula kabuku kachitatu mupeza zilembo zitatu zikubwerezedwa tsamba ndi tsamba: PID. Kumeneko ndiko kutupa kwa ziwalo zoberekera kobwera ndi tizilombo, kawirikawiri tija topatsirana pogonana. Ndinene mwachilungamo apa, chifukwa amene ankalemba zilembozo si anthu oipa. Nthenda imeneyo ilipodi, ndi yofala, ndipo ikachedwa kuchizidwa imatseka njira za mazira. Pa chipatala chaching'ono, pamene munthu mmodzi akuona mzere wofika kumsewu, popanda makina ounikira, mkazi akanena kuti m'chinena mukupweteka, amene akumuona adaphunzitsidwa kuyamba ndi chimene chili chofala ndi choopsa msanga. Choncho ankamubaya jakisoni, kumupatsa Flagyl ndi doxycycline, ndi kakalata koti mwamuna wake nayenso abwere adzalandire mankhwala. Ulendo woyamba kutero kudali koyenera. Koma ine ndawerenga maulendo 9 m'timabukuti, ndipo palibe amene adatembenuza masamba a m'mbuyo ndi kudzifunsa kuti, kodi ndi tizilombo totani tosamva mankhwala maulendo 9, tobwera motsata mwezi, timene tidayamba mwanayu asanadziwe mwamuna?

Kakalata kaja kadatsala pang'ono kupasula banja. Mkamwini wanga ankadziwa kuti iye sadayende kunja, ndiye adaganiza chimene amuna ambiri akadaganiza. Mwana wanga naye ankadzidziwa, ndiye adaganiza chomwecho za mwamuna wake. Ankhoswe adakhala pansi kawiri. Akuchimuna adayamba kulankhula za nkhuku yodya chimanga koma yosaikira. Ndipo pano ndiulule chimene sindidaululepo pa bwalo la akulu anzanga. Pamene abale adaganiza zopita naye kwa mneneri wina wa kuphiri, amene adati mwanayu ali ndi mwamuna wa mizimu womanga chiberekero chake, ine ndidangoyang'ana kumbali, ndipo ndalama ya mafuta odzozera idachokera m'thumba mwanga. Ine yemwe ndimaphunzitsa kalasi la ubatizo. Adamusalitsa kudya masiku atatu, adakomoka, ndipo adauzidwa kuti kukomokako ndi chiwanda chikutuluka.

Tsopano tibwerere kwa Marko. Mayi wa m'nkhani ija adadwala zaka 12, mwana wanga adamuposa ndi chaka chimodzi. Sindikunena kuti nthenda yawo idali imodzi, chifukwa Marko satchula dzina la nthendayo. Koma taonani kuti Marko sabisa za ochiritsa. Akutiuza kuti mayiyo adayenda kwa ambiri, kuti chithandizo chawo chidamuwonjezera masautso, ndi kuti adatsala wopanda kanthu m'manja pamene nthenda idali kukula. Luka, amene Paulo pa Akolose 4 akutidziwitsa kuti adali dokotala, akufotokoza nkhani yomweyo m'mutu 8, koma za kuzunzika m'manja mwa ochiritsa ndi za kuipiraipira kwa nthenda akuzidumpha, angoti palibe adatha kumuchiza. Ndikawerenga pamenepo ndimamwetulira, ndimati dokotala sanena mnzake. Koma Mzimu Woyera adalola zonse ziwiri zikhale m'buku limodzi, dandaulo la wodwala ndi ulemu wa dokotala, ndipo ine sindili ndi mphamvu yong'amba tsamba limodzi mwa awiriwo.

Malinga ndi Levitiko 15, mkazi wotaya magazi chotere ankayesedwa wodetsedwa, pamodzi ndi pogona pake ndi pokhala pake. Zaka 12 za kudwala zidalinso zaka 12 za kubisala. Nchifukwa chake adadzera kumbuyo, m'khamu, osafuna kuti wina amuone. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti Ambuye akadatha kumulola apite wochira mwakachetechete. Iwo adali pa ulendo wachangu, mwana wa Yairo adali kutsirizika. Koma adaima. Adaimitsa khamu lonse, ndi Yairo yemwe, mkulu wa sunagoge, munthu wa udindo ngati wangawu, kufikira mayi wopanda dzina uja atafotokoza nkhani yake yonse osasiyako. Nkhani ya zaka 12 siitha mphindi imodzi. Ambuye adamvetsera, ndipo atamva adamutcha mwana wawo pamaso pa onse.

Ikani pambali pa chithunzi chimenecho cha Eli, pa 1 Samueli 1. Wansembe adaona Hana, mkazi wosabereka, milomo ikugwedera mawu osamveka, ndipo ali chikhalire pa mpando wake adagamula kuti waledzera. Adali munthu wa Mulungu, wodziwa malamulo, koma nthenda adaitchula ali patali, osafunsa. Ine ndidali Eli m'nyumba mwanga. Kusiyana kwake nkwakuti Eli atayankhidwa adasintha nthawi yomweyo.

Amene adatitsegula maso adali mayi wina wa Chigwirizano, namwino wopuma pa ntchito. Atabwera kudzazonda, adapempha timabuku tonse, adawerenga kuyambira koyamba, ndipo adati, "Abambo, mwanayu akaonedwe ndi dokotala wa matenda a amayi, osati mawa la mawa." Mwana wanga adakana. Adati, "Ababa, ndatopa kuvula pamaso pa anthu amene sandimva." Ndidasowa choyankha. Munthu akakayikiridwa nthawi yaitali amaphunzira kuyankha mwachidule. Akafunsidwa kuti mukumva bwanji, amati pang'ono, chifukwa adaona kale kuti akanena zonse amatchedwa wokokomeza. Motero dokotala amalandira theka la nkhani nalemba mankhwala a theka la nthenda, wodwala sachira, ndipo chikayiko chimakula mbali zonse ziwiri. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwu timaunena pokakamiza wovutika kuti adzithandize, koma timaiwala kufunsa kuti chitsekocho adachitsekula kangati, ndipo ndani adachibweza.

Patapita mwezi adavomera, pokhapokha mayi ake akalowe naye. Dokotala amene tidamupeza mumzinda adachita chinthu chimene sichidafune makina. Adayala timabuku tonse tinayi pa tebulo, adawerenga, kenaka adafunsa. Ululu umayamba masiku angati msambo usanafike? Kodi udayamba wajombapo kusukulu chifukwa cha iwo? Pochita chimbudzi pa masiku amenewo umamva bwanji? Ukakhala ndi mwamuna wako, ululu umaumva pakhomo kapena m'kati mwenimweni? Pa funso limeneli mwana wanga adayang'ana mayi ake, adakhala chete nthawi, kenaka adayankha zoona kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi za ukwati. Atafunsidwa ngati alipo wina pa mtundu wawo amene ankavutika chotere, mayi ake ndiwo adalira. Adakumbukira mng'ono wawo, amene ankagona masiku atatu mwezi uliwonse, amene ukwati wake udatha chifukwa chosabereka, amene tonse tinkati ndi wamanyazi ndi wodwaladwala.

Dzina la nthendayo ndi endometriosis. Ndikufotokozereni monga momwe adatifotokozera ife, ndi monga momwe ndawerengera pambuyo pake. M'kati mwa chiberekero muli khungu lofewa limene limakhuthala mwezi uliwonse kukonzekera mimba, ndipo mimba ikapanda kubwera limayoyoka nkutuluka ndi magazi. Mwa amayi ena, minofu yofanana ndi khungu limeneli imamera kunja kwa chiberekero: pa matumba a mazira, pa njira za mazira, kuseri kwa chiberekero, pa matumbo, pa chikhodzodzo. Ili ngati chimanga chomera chokha kunja kwa munda, chimene mvula ikagwa nacho chimakula. Mwezi ukafika minofu imeneyi imamvera mahomoni omwewo, imatupa, imatha kukha magazi, koma magaziwo alibe khomo lotulukira. Thupi limalimbana nawo, pamabwera zipsera, ndipo ziwalo zimene Mlengi adazisiya zomasuka zimamatirana ngati zapakidwa ulimbo. Pa thumba la mazira pamatha kupangika chotupa chodzaza magazi akale, oderako ngati chokoleti. Mu 1927 dokotala wa ku America, John Sampson, adafotokoza kuti magazi ena a msambo amabwerera m'mbuyo kudzera m'njira za mazira nkugwera m'mimba. Koma kubwerera kumeneko kumachitika mwa amayi ambiri, pamene odwala ndi ena okha, choncho akatswiri akufufuzabe zimene zimawonjezerapo. Chodziwika nchakuti imakonda kuyenda m'magazi a pa mtundu. Siipatsirana pogonana. Si khansa. Munthu saitenga chifukwa cha khalidwe lake.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati nthendayi imagwira pafupifupi mkazi mmodzi mwa 10 alionse a msinkhu wobereka, anthu ngati 190 miliyoni. Lamulungu likubwerali, mukakhala m'tchalitchi, tayang'anani mbali ya amayi ndi mabenchi a kwaya, muwerenge nokha. Kwa nthawi yaitali mabuku a zachipatala a kwa azungu ankaphunzitsa kuti iyi ndi nthenda ya akazi achizungu olemera ochedwa kubereka, ndipo mkazi wakuda akabwera ndi ululu womwewo ankalembedwa PID. Bodza limenelo lidawoloka nyanja. Ena mudamva za Njambi Koikai, mtsikana woulutsa mawu pa wailesi ku Kenya, amene nthendayi idamufika mpaka m'chifuwa, mapapo ake nkumafwafwanyika pa nthawi ya msambo. Adalankhula za nthendayi poyera kwa zaka zambiri, ndipo adamwalira mu Juni 2024.

Makina ounikira m'mimba adaonetsa chotupa chachikulu ngati dzira la nkhuku pa thumba la mazira la kumanzere. Dokotala adatichenjeza kuti ife tidachita mwayi kuona kanthu, chifukwa timadontho tating'ono ta nthendayi nthawi zambiri sitioneka pa makinawo, ndipo mkazi amatha kuuzidwa kuti zonse zili bwino ululu ali nawo. Adatinso si aliyense ayenera opaleshoni. Ambiri amayamba ndi mankhwala opha ululu monga Brufen ndi mankhwala a mahomoni, omwe aja timawadziwa ngati olera, mapilitsi kapena jakisoni wa miyezi itatu, amene amagonetsa msambo ndi kuziziritsa nthenda. Pano ndipatuke pang'ono, ndilankhule ndi akulu anzanga ndi alangizi: mukapeza mapilitsi olera m'chikwama cha mtsikana wosakwatiwa, funsani musanamuitanire ku bwalo. Mwina ndi mankhwala amene akumuthandiza kukhala m'kalasi. Koma kwa mwana wanga, poona chotupacho, zaka zinayi zopanda mimba, ndi ululu wosamva mankhwala, dokotala adalangiza opaleshoni yotchedwa laparoscopy.

Usiku wotsatira mwana wanga adalemba mafunso pa pepala. Safunsa adadya phula. Loyamba lidali limene amayi ambiri amaliopa koma salitchula: "Adokotala, ndikadzuka ndidzapeza chiberekero changa chilipo?" Dokotala adatenga chikalata chovomerezera opaleshoni, adamuwerengera mzere ndi mzere, adamuonetsa zimene akuvomera ndi zimene sakuvomera, ndipo adati chiberekero sadzachikhudza pokhapokha patachitika ngozi yoti moyo uli pa chiswe. Kenaka mwanayu adafunsa funso limene lidandichititsa manyazi: "Inuyo opaleshoni yotereyi mwaichitapo kangati?" Ndidafuna kumudzudzula. Ife tidakula tikuvula chipewa pamaso pa dokotala. Koma dokotalayo sadakwiye. Adayankha, nawonjeza kuti akakapeza nthenda italowa kwambiri m'matumbo sadzaidula yekha, adzatseka nkumutumiza kwa odziwa za matumbo. Adatchula zoopsa zimene zimachitika mwa apo ndi apo: kuvulala kwa thumbo, chikhodzodzo kapena mtsempha wa magazi, kulowa kwa tizilombo pa bala, kapena kufunika kong'amba mimba yonse ngati zavuta. Adati kuchotsa chotupa kumatha kuchepetsako mazira a mbali imeneyo. Adati ululu ukhoza kuchepa kwambiri koma osatheratu, nthenda ikhoza kubwerera patapita zaka, ndipo za mwana sangalonjeze.

Mneneri wa kuphiri uja adatilonjeza zonse, kuchira ndi mapasa omwe. Uyu adatiuza malire ake. Ndidaona nkhope ya mwana wanga ikumasuka pamene dokotala ankatchula zimene sangathe, ndipo potuluka adandiuza kuti, "Ababa, awa ndawakhulupirira."

Ine mantha anga adali pa mankhwala ogonetsa. Ndipo sadasowe ondiuza kuti kupereka mwana ku mpeni ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, kuti mayi wa kwa Marko adachira atasiya asing'anga. Inu a mpingo wathu, kumbukirani kumene tidachokera. Robert Laws, amene adafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi gulu loyamba la mishoni ya Livingstonia, adali m'busa ndiponso dokotala, ndipo mu 1876 adachita opaleshoni komweko atagoneka munthu ndi chloroform. Mankhwala amenewo adayamba kugwiritsidwa ntchito pogonetsa odwala mu 1847 ndi James Young Simpson wa ku Edinburgh, dokotala wa azimayi oyembekezera, amene poyankha oganiza kuti kuchotsa ululu wa mkazi nkutsutsana ndi Mulungu adawakumbutsa za Genesis 2, pamene Mulungu adayamba wagonetsa Adamu tulo tatikulu asanachotse nthiti. Zipatala za Nkhoma, Mulanje Mission, Ekwendeni ndi Embangweni sadazimange anthu osapemphera. Makolo athu m'chikhulupiriro adamanga tchalitchi, sukulu ndi chipatala pa bwalo limodzi, ndipo sadaone mkangano pakati pa zitatuzo.

Tsikulo adalowa ku fiyeta m'mawa, asadadye kanthu kuyambira usiku. Opaleshoni imeneyi sang'amba mimba monga momwe timadziwira pa amayi obereka ndi mpeni. Munthu atagona, amaboola kabowo ka sentimita imodzi pa mchombo, amapopera mpweya wa carbon dioxide kuti mimba ifufume ziwalo zipatukane, nalowetsa kachitsulo konga bango kokhala ndi nyali ndi kamera. Zonse za m'kati zimaoneka pa sikirini, zazikulu kuposa momwe diso lingazionere. Amaboolanso timabowo tiwiri kapena titatu m'munsi, todzera zipangizo zazitali zodulira, zotenthera ndi zomatulira. Madontho a nthenda amawadula kapena kuwatentha, zomatirana amazimatula, chotupa amachisenda, ndipo kachidutswa amakatumiza ku labotale kuti akatsimikize. Amathiranso madzi abuluu kudzera m'chiberekero kuti aone ngati akutulukira m'njira za mazira. Ine ndi mkamwini wanga tidakhala pa benchi panja maola atatu. Sitidalankhule zambiri. Mwambo umati mpongozi ndi mkamwini asayandikane, koma benchi lidali limodzi.

Madzulo dokotala adatiitana, mwana wanga atadzuka ndipo atavomera kuti tione. Adatembenuza kompyuta. Padali chithunzi cha kuseri kwa chiberekero. Ndidaona timadontho takuda ngati pogwera phulusa la moto, tina tofiira, ndi ulusi woyera womanga thumba la mazira ku khoma la mimba ndi ku thumbo, ngati ukonde wa kangaude m'nkhokwe yakale. Dokotala adaloza nati, apa ndi pamene pamapweteka pochita chimbudzi, apa ndi pamene pamapweteka akakhala ndi mwamuna. Adati tizilombo sadationepo chizindikiro chake. Njira imodzi ya mazira idatulutsa madzi abuluu aja, inayo ayi.

Mkamwini wanga adatuluka panja. Ndidamupeza kuseri kwa galimoto akulira ngati mwana. Ine sindidalire pomwepo, koma usiku umenewo tulo sindidatione. Zaka zonsezi ndakhala ndikulalikira za Tomasi, pa Yohane 20, ndikudzudzula munthu amene adafuna kuona mabala asanakhulupirire. Ndipo ine, kuti ndikhulupirire mwana wobadwa m'nyumba mwanga, amene adandiuza zoona kuyambira ali ndi zaka 14, ndidadikira kamera ilowe m'mimba mwake indionetse mabala. M'mawa mwake ndidakhala pambali pa bedi lake, ndidamukumbutsa za tsiku la mayeso lija, ndipo ndidapepesa. Ndinkayesa adaiwala. Adandiuza ngakhale mtundu wa malaya amene ndidavala tsikulo.

Adatuluka m'chipatala tsiku lotsatira. Masiku awiri oyamba adadandaula phewa, ndipo tikadachita mantha dokotala akadapanda kutiuziratu kuti mpweya wotsalira m'mimba umakwiyitsa mtsempha wa pansi pa chifuwa, ululu nkumamvekera kuphewa, ndipo umatha wokha munthu akamayendayenda. Patatha milungu iwiri adayamba tintchito tating'ono. Zipsera zake zitatu mukhoza kuziphimba ndi chala.

Sindikulemba umboni wa chozizwitsa, ndipo musaufalitse motero. Miyezi 8 yapita. Msambo ukumupwetekabe, koma akumwa mankhwala nkupita ku ntchito, pamene kale ankagona masiku anayi. Mimba siinabwere. Patsogolo pake pali mphambano yovuta: mankhwala a mahomoni amene angachedwetse kubwerera kwa nthenda ndi omwenso amaletsa mimba. Asankha yekha ndi mwamuna wake, atamva uphungu wa dokotala. Ndawauza akuchimuna, ndadziuzanso ndekha, kuti chilakolako chathu cha mdzukulu chisakhale pa sikelo imeneyo. Amayi ambiri odwala nthendayi amabereka, ena sabereka, ndipo mimba si mankhwala ake monga tinkanamizirana.

Mlongo wanga amene ukuwerenga uli ndi botolo la madzi otentha pamimba, sindikukuuza kuti nthenda yako ndi imeneyi. Ululu wa m'chinena uli ndi magwero ambiri: zotupa za m'chiberekero, PID yeniyeni, matenda a chikhodzodzo ndi a matumbo, khansa ya khomo la chiberekero imene ikutha amayi ambiri m'dziko muno, ngakhale likodzo, limene kwa okhala m'mbali mwa nyanja limafika mpaka ku ziwalo zoberekera. Ululu wadzidzidzi woopsa, makamaka msambo utadumpha, ndi wothamangira nawo kuchipatala usiku womwewo, chifukwa ikhoza kukhala mimba yokhala m'njira ya mazira. Koma ululu wa mwezi ndi mwezi wokulepheretsa sukulu, ntchito kapena kumunda si wopirira chabe. Tenga kalendala, uzilemba masiku amene wadwala, pamene pakupweteka, ndi mankhwala amene wamwa. Tenga timabuku tako tonse, ndi takale tomwe. Ukalowa, unene zonse, ndi zochititsa manyazi zomwe, chifukwa dokotala sangachize chimene wamubisira. Mankhwala amene wapatsidwa umwe monga wauzidwira, ndipo akapanda kuthandiza ubwerere ukanene, osangosowa nkupita kwina kukayambanso pachiyambi. Ukaona kuti ukupatsidwa zomwezomwezo kachitatu popanda kusintha, pempha mwaulemu kalata yokutumiza kwa dokotala wa matenda a amayi. Zipatala zazikulu za Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Zomba ndi Mzuzu zili ndi mbali yoona za amayi. Kupempha kuonedwa ndi dokotala wachiwiri si chipongwe.

Ndikudziwa kuti opaleshoni ya kamerayi siipezeka paliponse, ndipo kumene imapezeka mwamsanga ndi kolipira. Ife tidagulitsa ng'ombe ziwiri, ndipo mphwanga wa ku Johannesburg adatumiza yotsalayo. Mayi wa kumudzi wopanda ng'ombe atani? Funso limeneli ndikupita nalo ku bwalo la akulu ndi atumiki mwezi uno. Ife a mpingo timasonkha msanga ndalama ya bokosi ndi ya ufa wa pamaliro. Ya thiransipoti yoti mlongo wamoyo akafike kwa dokotala woyenera imatenga misonkhano itatu.

Ndipo inu ana athu amene Mulungu adakuikani m'zipinda zoonera odwala, ndikudziwa kuti mzere ndi wautali ndipo mwatopa. Ndikupempha chimodzi chokha. Mukaona zilembo zomwezo zitalembedwa kale kawiri ndi dzanja la mnzanu, tembenuzani masamba a m'mbuyo musanalembe kachitatu.

Lachinayi likubwerali mwana wanga ndi mwamuna wake akubwerera kwa dokotala kukanena chimene asankha. Sadandiuze, ndipo sindidafunse. Muwakumbukire m'mapemphero anu, pamodzi ndi mlamu wanga uja, mng'ono wa mayi a kunyumba, amene tsopano ali ndi zaka 56. Loweruka tikupita kumudzi kukamuona, ndipo mwana wanga wati atenga chithunzi chija kuti akawaonetse mayi ake aang'ono.